Kodi ndikuze bowo lotulukira zigoba pa mfuti yanga?

FUNSO: Ndili ndi mfuti yosakira ya mtundu wa Mauser 98 yomwe ndinalembetsa kupolisi. Ndikufuna kuikamo mpope wa zipolopolo za .375 H&H, ndipo mnzanga wina akuti ndikhoza kukuza ndekha ndi tupa bowo lotulukira zigoba. Kodi nʼzotheka? Ndine wowerenga wa ku Highfield, Harare.

YANKHO: Bambo, chonde tupayo muisiye kaye. Nʼzoona kuti chipolopolo cha .375 H&H, chomwe kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, nʼchotalika mamilimita pafupifupi 91, ndipo sichikwana bwino mʼmfuti yomwe inapangidwira zipolopolo zazifupi. Koma vuto silithera pabowopo ayi. Thunthu lachitsulo lomwe mukufuna kupalalo ndi lomwe limagwira chotsekera mfuti wonga ukamaphulika, ndipo mphamvu yake imapitirira ma bar 4,000 (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha), pomwe tsaya lanu lili pafupi penipeni. Chitsulo chikachepa pamalo olakwika, mngʼalu wake suoneka ndi maso. Mfuti ikhoza kulira bwino maulendo angapo, kenako nʼkudzasweka tsiku limene simukuyembekezera, zidutswa nʼkulowa mʼmaso kapena kudula zala. Nʼchifukwa chake ku Britain mfuti yosinthidwa chonchi imakayesedwanso, monga ku Birmingham Proof House yomwe inakhazikitsidwa mu 1813, isanagulitsidwe.

Palinso lamulo. Kuno ku Zimbabwe, Firearms Act, Chapter 10:09, ndiyo imayendetsa nkhani za mfuti, ndipo chiphaso chanu chimatchula mfuti yeniyeniyo komanso kukula kwa zipolopolo zake. Mukaisintha mwa nokha, ndiye kuti muli ndi chida chosiyana ndi chomwe munaloledwa kusunga, ndipo umenewo ndi mlandu. Yambani mwafunsa apolisi oona za mfuti, ntchitoyo mupereke kwa mmisiri wovomerezeka.

Ndikuganiza kuti mtima wanu uli pa njati, popeza malamulo a zosaka kuno amafuna chipolopolo chachikulu pa njati, njovu ndi mvuu. Ngati ndi choncho, mukafunse mmisiriyo za chipolopolo cha 9.3x62, chomwe Otto Bock wa ku Berlin anapanga mu 1905 kuti chizikwana mu Mauser 98 popanda kudula thunthu lake, ndipo a ZimParks, bungwe loona za nyama zakutchire, akuuzeni ngati mphamvu yake ikukwanira pa nyama yomwe mukufuna. Apo ayi, ine ndingakonde mutagula mfuti yomwe inapangidwira .375 H&H kufakitale, nʼkuilembetsa payokha.