Pepala la X-ray lati msana wanu ukutha: musiye ntchito muzipita kumudzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene amakhala kuno ku Joni, ku Cosmo City, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, ndili ndi zaka 47. Chaka chino khosi ndi msana sizikundipatsa mtendere. Ndikamasita, ululu umayambira kunkhongo n'kutsikira paphewa lamanja, nthawi zina chala chachikulu chimachita dzanzi. Anandijambula, papepala analemba kuti 'degenerative changes C5-C6, L4-L5'. Mwana wanga atafufuza pafoni anati msana wanga ukutha. Grand-Pa ndikumwa katatu pa tsiku. Kodi ndidzalumala? Ndisiye ntchito ndizipita kwathu, kapena ndiyambe kusaka ndalama ya opareshoni?"

Mayi, pepani ndi matendawo. Ine si dokotala, ndine telala, ndimasoka ku Mayfair. Koma pepala ngati lanulo ndili nalo, limakhala m'chikwama limodzi ndi pasipoti. Tsiku limene ndinalilandira ndinakwera takisi pa Bree ndili ndwii, ngati munthu amene wauzidwa tsiku la maliro ake. Papita zaka zingapo, ndipo ndikusokabe.

Chimene chakudulani mawondo ndi mawu akuti "kutha". Kwathu chinthu chikatha ndiye kuti chatha, ufa ukatha m'thumba mumatsala kukung'untha basi. Msana sutha choncho. Ndi timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, kenako ena ogwirana kumunsi. Chilembo C papepala lanu chikunena za m'khosi, L za m'chiuno. Pakati pa fupa ndi linzake pamakhala kanthu kofewa kamene madokotala amati disiki. Inu a ku Ntcheu nkhata mukuidziwa. Yatsopano imakhala yonenepa, ndowa imakhazikika bwino pamutu. Ikasenza masiku ambiri imaphwatalala, komabe madzi amafika kunyumba. Disiki nayo, ya mwana imakhala ndi madzi ambiri, tikamakula imayamba kuuma n'kuphwa, mafupa amayandikana, ndipo m'mbali mwake mumamera timinga ta fupa. Ndi zimene wojambula uja anaona. Malo a C5-C6 ndi L4-L5 ndi ena mwa amene amapindika kwambiri tsiku lililonse, n'chifukwa chake amayamba ndiwo.

Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu oposa 3,000 amene sankamva kuwawa kulikonse. Mwa a zaka 20, anthu 37 pa 100 alionse anali kale ndi madisiki oyamba kuphwa. Mwa a zaka 50 anali 80 pa 100. Mwa a zaka 80 anali 96. Anthu osadandaula chilichonse amenewo. Adona anu amene amadzuka m'mamawa kukathamanga ndi galu aja, atawajambula lero, mwina pepala lawo lingafanane ndi lanu. Sindikunena kuti ululu wanu ndi wongoganizira, ayi, ndi weniweni. Dzanzi la chala chachikulu likugwirizananso ndi pepalalo, chifukwa mtsempha umene umatulukira pa C5-C6 ndi umene umatsika mkono kukafika kuchala chimenecho. Koma chithunzi sichinena mmene mudzakhalire zaka zikubwerazi. Kwa anthu ambiri, ululu wa mtsempha wopanikizika umazizira wokha pakati pa masabata 6 ndi 12 popanda mpeni.

Pali zizindikiro zina zimene simudikira nazo kuti mwezi uthe mulandire. Mkodzo ukakana kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka inu osadziwa, kapena mukachita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumalo obisika moti podzipukuta simukumva, kapena miyendo yonse iwiri ikafooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku. Pamenepo mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo ikachedwa kumasulidwa sibwerera. Pafoni ya m'manja imbani 112, ambulansi ndi 10177. Tonse tikudziwa mawu amene alendofe timalandira pazipata zina, koma gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silinena za pasipoti.

Za khosi, yang'anirani manja ndi kayendedwe. Mukayamba kulephera kumanga mabatani, makapu akumapulumuka m'manja, singano ikukanika kugwira, poyenda mukudzandira ngati mwalawa, zimenezo si za kuthowa. Zikhoza kukhala kuti chingwe chachikulu cha mitsempha chimene chimadutsa m'kati mwa mafupa a khosi chikufinyika, ndipo dokotala ayenera kukuonani masiku omwewo. Chinanso chimene ife a kuno kumwera kwa Africa sitiyenera kuiwala ndi TB ya msana. TB sikhala m'chifuwa mokha, imadyanso mafupa. Msana ukamawawa usiku ngakhale mwagona phee, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku, masiketi ayamba kukhwepa, kayezetseni, makamaka ngati muli ndi kachilombo ka HIV. Imachizika. Choipa n'kuibisa ndi mankhwala opha ululu mpaka fupa litafumbwa.

Tsopano Grand-Pa. Apa ndiye ndikudzudzulani monga mlongo wanu, chifukwa inenso ndinadutsamo. Ndinkagula pa spaza m'mawa uliwonse, kutsegula kapepala, kukhuthulira pa lilime, kutsitsira ndi tiyi wopanda chodyera. M'kapepala kaja muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Wa mwa apo ndi apo alibe mlandu. Koma katatu pa tsiku, mwezi ndi mwezi, aspirin amakanda m'mimba mpaka zilonda, ndipo mukadzaona chimbudzi chakuda bii ngati phula dziwani kuti m'kati mukutuluka magazi. Ena amawonjezera Brufen kapena Voltaren pamwamba pake, osadziwa kuti onsewo ndi a banja limodzi ndi aspirin, ndipo pamodzi amalemetsa impso ndi kukweza BP. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir asamale koposa, poti nayenso amadutsira ku impso komweko. Mukamwa Panado pamwamba pa Grand-Pa ndiye kuti paracetamol mwamwa kawiri, pamene munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 pa tsiku. Palinso aja okhala ndi codeine, monga Adco-Dol ndi Myprodol, amene amagoneka tulo tabwino sabata yoyamba kenako thupi limayamba kuwaitanitsa lokha. Tengani mapaketi onse amene muli nawo, muwaike m'jumbo, mukawakhuthule patebulo pamaso pa nesi kapena wa ku famase, muwauzenso ngati muli ndi BP, shuga kapena zilonda za m'mimba. Ululu wa mtsempha, uja wobaya ngati magetsi, nthawi zambiri sumvera mankhwala wambawa, uli ndi akeake amene amalemba dokotala.

Chimene chinandithandiza ine sichinali cha m'botolo. Ululu utandigwira koyamba ndinagona masiku asanu ndi anayi pamatiresi, kuopa kuti ndikadzuka fupa lithyoka. Podzuka ndinali ngati thabwa. Mayi wa mafizo amene anandiona pambuyo pake anapukusa mutu. Anandiuza kuti disiki ilibe mitsempha ya magazi yokwanira, imadya munthu akamayenda, ikamafinyika ndi kumasuka ngati siponji m'madzi. Kugona kopitirira tsiku limodzi kapena awiri kumafooketsa minofu imene imagwira msana, ndiye ululu umapeza pokhala. Bungwe la WHO, limene limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'chiuno, linatulutsa malangizo mu December 2023. Linaika patsogolo kuphunzitsa wodwala ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo linati malamba omanga m'chiuno, makina okoka msana ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine asamakhale chizolowezi pa ululu wokhalitsa. Lamba uja amagulitsa m'misewu ya m'tauni ine ndinagula. Pano amamangira katoni ya zigamba.

Inu ntchito yanu ndi yoyendayenda kale, ndiye vuto lanu si kusowa kuyenda ayi. Ndi kukhalitsa mutapinda malo amodzi. Mutu wa munthu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Mukauweramitsa pa tebulo lositira kwa maola awiri, minofu ya kunkhongo imakhala itanyamula thumba la ufa popanda kutula. Kwezani tebulolo lifike cha m'chiuno kuti musamalondole malaya ndi mphuno. Pansi ikani bokosi kapena njerwa, mupondepo phazi limodzi, pakapita kanthawi musinthe. Mukasita malaya anayi kapena asanu, imikani simbi, muwongoke, mubweze chibwano m'mbuyo ngati nkhuku imene yadabwa, muwerenge mpaka 5, mumasule, kangapo. Mukatero kokerani mapewa kumbuyo ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana. Si zoti muchite kuvala yunifolomu ya masewera. Ine ndimachita zomwezo ulusi ukatha pa bobini. Ngati zina mwa izi zikutsitsira ululu kumkono, zisiyeni mukafunse.

Kukolopa kwa kwathu, kuja kopinda pakati miyendo ili chiimire chigamba chili m'manja, kusiyeni. Pemphani mopu ya mtengo wautali, kapena gwadani. Basiketi ya zochapa zonyowa igaweni pawiri, ndipo ponyamula njutani kaye, muikumbatire pamimba, mudzuke ndi miyendo. Kusenza pamutu, khosi limenelo lapuma pantchito imeneyo. Madzulo kuthowa kumathandiza ndithu, agogo athu sanalakwitse, makamaka mu June ndi July pamene chisanu cha Joni chimalowa mpaka m'mafupa. Botolo la madzi otentha mulikulunge m'chitenje, mphindi 15 kapena 20, osagona nalo. Pogona, chammbali pilo wina ali pakati pa mawondo, kapena chagada pilo ali kunsi kwa mawondo. Chafufumimba chimapotokola khosi usiku wonse. Ndipo foni, mayi. Ulendo wa takisi kuchokera ku Randburg kukafika ku Cosmo City mutu uli pa WhatsApp ndi kusita kwachiwiri.

A mafizo kuno amaloledwa kuona wodwala popanda kalata ya dokotala ngati mukulipira nokha. Ulendo umodzi kapena iwiri, woti akuoneni ndi kukuphunzitsani zochita kunyumba, ungakupindulireni kuposa Grand-Pa wa chaka chonse. Kuboma njira imayambira kukiliniki ya m'dera lanu, iwo ndi amene amalemba kalata yopita nayo kuzipatala zazikulu ngati Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Popita nenani za dzanzi la chalacho momveka, ndi tsiku limene linayamba. Musamangoti "thupi lonse likuwawa" monga timachitira Amalawi, poopa kuoneka ovuta. Tsiku lopita kuchipatala si lopempha ngati chifundo. Lamulo la ntchito la dziko lino limapereka masiku odwala olipidwa okwana masabata 6 pa zaka zitatu zilizonse, amene kwa wogwira masiku asanu pa sabata ndi masiku 30, ndipo antchito a m'nyumba ali momwemo. Mukajomba kupitirira masiku awiri otsatizana, tengani kalata ya kuchipatala. Kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la Constitutional Court cha mu November 2020, wantchito wa m'nyumba akavulala pantchito, monga kugwa pamasitepe atanyamula ndowa, ali ndi ufulu wa chipukuta misozi ngati wantchito wina aliyense. Kumeneko ndi kuvulala, n'kosiyana ndi kuphwa kwa disiki kobwera ndi zaka.

Wina akuuzani kuti mwaponda mankhwala, kapena kuti wina kumudzi sakukondwa ndi nyumba ya malata mukumangayo. Ine mphini ndili nazo zisanu ndi imodzi m'chiuno, anandidula bambo wina amene nambala yake ndinaitola pa kapepala komata pa pholo la magetsi. Ndalama inapita, disiki inatsala mmene inalili. Musalolenso munthu wosaphunzira kukuthyolani khosi kuti limveke "khwa", makamaka pamene chala chikuchita kale dzanzi.

Opareshoni ilipo, ndipo kwa amene akuifunikira imapulumutsa miyendo ndi manja. Madokotala amaiganizira pa zizindikiro zoopsa zija, kapena mkono ndi mwendo zikamafookerafookera, kapena ululu wa mtsempha ukakana zonse kwa miyezi. Pa ululu wamba wa khosi ndi m'chiuno si poyambira. Pa zimene mwalemba, ndalama imeneyo musayambe kukongola.

Zopita kwathu, mtima ndi wanu. Kungoti ku Ntcheu kukudikirani khasu, mtondo ndi mjigo, ndipo palibe chimene chimamvera chisoni L4-L5 pa zitatuzi. Ngati ndi kukaona ana pa Khirisimasi, pitani, koma basi yochokera pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete imadya usana ndi usiku n'kupitirira. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, pindani chitenje muike kumbuyo kwa chiuno, ndipo paliponse pamene basi yaima tsikani muyendeyende ngakhale tulo tili m'maso. Zikwama zija za mizeremizere, alipireni anyamata akweze.

Mundilemberenso pakatha masabata awiri. Mundiuze ngati dzanzi lakhalabe pa chala chimodzicho kapena lafalikira, komanso ngati mabatani a bulauzi mukumanga nokha bwinobwino m'mawa.