Zovotetsa pa foni mu holo, ine zinandiwotcha

Aaa achimwene, pofunsa ngati mungayese zoti ophunzira aziyankha mafunso povota pa foni, mwanditokosa pachilonda. Zovotetsa ophunzira pa foni m'kalasi yayikuluzi ine ndinaziyesa, mpaka lero ndikakumbuka tsiku lija ndimachita kugwira kumaso.

Anali ophunzira anga a chaka choyamba, holo yodzaza, anthu oposa 400, ena atakhala m'masitepe. Sabata yonse ndinkapita kwa mkulu wina wa ku IT kukafunsa ngati wifi ya mu holo muja ingapirire mafoni onsewo, iye osandiyang'ana n'komwe, maso pa kompyuta, amvekere palibe vuto bwana ndi yamphamvu imene ija. Ine basi kukhulupirira. Ndaika QR code, kachizindikiro kojambula ndi foni kuti ulowe povotera, pa pulojekita, ndati tulutsani mafoni muvote. Nambala ya ovota inakwera kufika 37 n'kuima pompo, kachinthu kaja kumangozungulira pa sikirini. Mphindi zisanu, mphindi khumi, ine thukuta kamukamu, kumbuyo ayamba kuimba mluzu, wina akukuwa kuti tilibe bandulo, wina akuti batire latha, ndiye tsiku lake ndi lomwelo lomwe mkulu wa dipatimenti anabwera kudzaonera kaphunzitsidwe kanga, ali phee kumapeto uko akulemba m'kope. Koma chomwe chinandimaliza ndi ichi, ndinali nditaika funso lina loti aliyense alembe maganizo ake popanda dzina, mayankho azituluka pakhoma. Netiweki itabwerera pang'ono choyamba kutuluka sichinali yankho ayi, wina analemba za nsapato zanga, zilembo zake zikuluzikulu, holo yonse gwedee ndi phwete. Ndikufuna nditseke, mbewa ya kompyuta osagwira, dzanja likunjenjemera.

Mawa lake ndapita kwa wa IT uja, mukudziwa anati chani? Akuti bwanji simunanene kuti onse alowa nthawi imodzi. Ndiye kuvota kumakhala kotani, azilowa mmodzimmodzi ngati kwa dokotala? Kupepesa olo pang'ono ayi ndithu. Lipoti loipa linalembedwa pa dzina langa, iye ali khale mu ofesi mwake.

Komabe musaope, yesani, ine ndimagwiritsabe ntchito. Kungoti osadalira pakamwa pa munthu, pitani nokha mu holomo pa nthawi yomwe muli anthu mukayese. Kaya pulogalamu yovotetsera yanu ndi Mentimeter, Kahoot, Slido kapena Poll Everywhere, onani kaye malire a pulani yaulere chifukwa ambiri amadula chiwerengero cha olowa kapena cha mafunso. Plickers safuna kuti ophunzira akhale ndi foni, amangokweza makadi inu n'kujambula ndi yanu, koma makadi ake amathera pa 63, ku holo sizingathandize. Opanda foni avote limodzi ndi mnzawo woyandikana naye, ndipo musapereke malikisi pa zimenezi, mungolanga osauka.

Zobisa maina musazichotse, ndi zomwe zimachititsa kuti wamanyazi uja ayankhe zoona. Inde ndikudziwa ndi zomwe zinandinyozetsa nsapato, nde muzingoika mafunso osankha A B C D, zolemba okha musaonetse pakhoma musanaziwerenge.

Ndipo foniyo payokha sichita kanthu. Njira ya Eric Mazur, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Harvard ku America, anaiyamba cha m'ma 1990 pophunzitsa physics, ndi yoti avote kaye aliyense payekha, mukaona kuti agawanika musaulule yankho, auzeni atsutsane ndi woyandikana naye kwa mphindi ziwiri zitatu kenako avotenso. Phokoso la pamenepo ndiye phunzirolo. Mafunso atatu pa ola akwana, mukachulutsa amalowa pa WhatsApp osabwerako.

Ine pano netiweki ikavuta ndimangoti kwezani zala pachifuwa, chimodzi A ziwiri B, n'kupitiriza. Nsapato zija ndinasiya kuvala.