Musanatumize nyimbo za magemu akale ku archive

Mnyamata wina wa ku Kamwendo ku Mchinji wandilembera imelo. Akuti amalume ake anali ndi kachipinda kosewerera magemu m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu thumba la chimanga wapeza makatiriji achikasu aja olembedwa 9999999 in 1, pamodzi ndi Mega Drive, makina a magemu a kampani ya Sega, yomwe ikuyakabe. Wajambula nyimbo zake pa foni, wazisandutsa MP3, ndiye akufunsa kuti azitumize kuti zisungidwe.

Achimwene, MP3 zanuzo zisungeni, koma malo ngati VGMRips, webusaiti yosunga nyimbo za magemu akale, sadzazilandira. Kumeneko sasunga phokoso lotuluka mu sipika, amasunga malamulo omwe gemu imapereka kwa chip choimba. Mega Drive, yomwe idatuluka ku Japan mu 1988, ili ndi chip cha Yamaha YM2612 cha mizere 6 ya mawu, kuphatikizapo kachip kena ka SN76489. Fayilo ya VGM, mtundu womwe VGMRips amalandira, imalemba chilichonse chomwe chip chauzidwa, nthawi ndi nthawi yake, ndipo pulogalamu yoseweretsa imayimbanso nyimboyo kuchokera pa malamulowo. N'chifukwa chake ikapanikizidwa kukhala VGZ imachepa kwambiri, bandulo yanu siyimva n'komwe. Makina ena ali ndi mitundu yawo: NSF ya Famicom ya Nintendo, SPC ya Super Nintendo, SID ya Commodore 64, yomwe High Voltage SID Collection yakhala ikusonkhanitsa kuyambira 1996.

Choyamba fufuzani ngati gemuyo ilipo kale pa VGMRips. Magemu otchuka a Sega ndi Nintendo anthu adawamaliza kalekale, ndipo kutumizanso n'kungotopetsa oyang'anira.

Ngati palibe, pa Mega Drive njira yake ndi emulator, pulogalamu yoyendetsa magemuwo pa kompyuta, ngati Kega Fusion, yomwe imatha kulemba VGM gemu ikuyenda. Magemu ambiri ali ndi sound test mu options. Gwiritsani ntchito imeneyo kuti kulira kwa mfuti ndi kulumpha kusalowe mu nyimbo. Kenako pamabwera ntchito yomwe imagwetsa ambiri ulesi, yodula. Nyimbo za magemu sizitha, zimazungulira, ndiye muyenera kupeza pomwe zimayambiranso n'kuika loop, chizindikiro chobwererera, ndendende pamenepo. Pali timapulogalamu ta vgmlpfnd ndi vgm_trim tothandiza, koma khutu lanu ndilo lomaliza. Valani mahedifoni, mvetserani polumikizirapo mobwerezabwereza. Mukamva kadzidzimu kakang'ono kapena ng'oma ikudumpha, mwaphonya, bwererani.

Mukatero lembani ma tag, omwe pa VGM amatchedwa GD3: dzina la nyimbo, la gemu, makina, chaka, ndi wopeka. Apa musaganizire. Dzina la wopeka litengeni pa credits za kumapeto kwa gemu, ndipo likasowa siyani pomwepo popanda kanthu, chifukwa dzina lolakwika likalowa limakoperedwa pa intaneti ponse ndipo kulichotsa n'kovuta. Ikani manambala 01, 02 motsatira momwe nyimbo zimamvekera posewera, onjezani m3u (fayilo ya mndandanda wa nyimbo), chithunzi cha PNG cha title screen, ndi kafayilo ka txt kofotokoza momwe mwagwirira ntchito, zonse mu zip imodzi. Oyang'anira akakubwezerani kuti mukonze, musakwiye ayi, n'zachizolowezi.

Tsopano za makatiriji achikasuwo, ndipo kwa ine chuma chanu chili pamenepa. Makina a makatiriji amenewa omwe tinkasewera kuno sanali Famicom yeniyeni ya 1983, anali okopera. Ambiri mwa iwo chip chawo chidasinthanitsa mitundu iwiri ya mawu a pulse, ndiye nyimbo imamveka mosiyana ndi momwe imamvekera pa Ricoh 2A03, chip cha Famicom yeniyeni. Ndiponso ma TV athu ndi a PAL, 50 Hz, pomwe ku Japan ndi ku America ndi 60 Hz, choncho magemu ambiri kuno ankayenda mochedwerapo ndi nyimbo zomwe. Mega Drive yanuyo nayo mwina ili choncho. Ine ndimati nyimbo yochedwayo ndiyo ya ubwana wathu, ndipo iyenera kusungidwa, bola mulembe momveka kuti yachokera pa makina otani. Komanso menyu za makatiriji amenewa zimakhala ndi tinyimbo tomwe Nintendo sadapange, ndipo tina mwina sitinasungidwepo bwino.

Izi muzijambule, koma osati ndi foni pafupi ndi TV tambala akulira kuseri. Tengani chingwe choyera cha audio kumbuyo kwa makina, lowetsani mu line-in ya kompyuta, jambulani ndi pulogalamu ya Audacity, sungani mu FLAC, mtundu wa fayilo wosataya ubwino wa mawu. Jambulaninso zithunzi za katiriji kutsogolo ndi kumbuyo. Zotere webusaiti ya Internet Archive imalola aliyense wokhala ndi akaunti kuika, kungoti nyimbo zambiri zili ndi eni ake, ndipo akadandaula zimachotsedwa. Musatchule kuti n'zanu.

Makatirijiwo achotseni mu thumba la chimangalo mvula isanayambe. Pukutani mano ake a mkuwa ndi kathonje konyowa ndi spirit ya isopropyl, osati kupemerera ngati kale, chifukwa chinyontho cha mkamwa chimawadyetsa dzimbiri. Funsaninso amalume kuti ankawagula kuti, kaya ku Lilongwe kaya ku Chipata, mulembe zimenezo mu txt.