Azakhali, za mavampaya zija ndikuyankheni apa

Azakhali mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu, ndati ndingojambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwati msuweni wangayo mwamupeza usiku akulira foni ili m'manja, mutasuzumira mwaona anthu a mano ataliatali ndi magazi kukamwa, ndiye mukufunsa ngati si za anamapopa komanso ngati mumulande foniyo. Ndamuimbira kaye iyeyo, wandiuza kuti amaonera The Vampire Diaries, episodi 22, yomaliza ya sizoni yoyamba, ija amaitcha Founder's Day. Imeneyo ndimaidziwa bwino, ndinaionera kangapo.

Poyamba mtima ukhale m'malo. Ndi sewero la ku America, linayamba 2009 pa kanema wa CW nkudzatha 2017, masizoni 8, ndipo analitenga m'mabuku a mayi wina L. J. Smith. Kudzidzimuka kwanuko ndikukumvetsa, tonse tikukumbukira mmene anthu anaphedwera ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 chifukwa chongoganiziridwa kuti ndi anamapopa. Koma mavampaya awa ndi nthano za azungu basi, palibe chomwe mwana angaphunziremo cha ufiti ayi.

Nkhani yake ili chonchi. M'tauni ina yongopeka yotchedwa Mystic Falls muli mtsikana wa sekondale, Elena, makolo ake anafa pa ngozi ya galimoto. Chibwenzi chake ndi Stefan, vampaya wofatsa amene amapewa magazi a anthu, ndiye pali mkulu wake Damon, wovuta uja, nayenso mtima wayamba kugwa pa Elena yemweyo. Tsiku limenelo tauni yonse ili pa chikondwerero chokumbukira omwe anaiyambitsa, koma mavampaya ena omwe anatsekeredwa pansi pa tchalitchi kuyambira 1864 atuluka ndipo akufuna kubwezera. Ndiye bambo wina John Gilbert ali ndi kachipangizo kotulutsa phokoso lomwe vampaya akalimva amagwa pansi atagwira mutu. Bonnie, mnzake wa Elena wa pamtima amene ali ndi mphamvu zamatsenga, analonjeza kuti wakapha mphamvu kachipangizoko, koma ananama, sanachite.

Apa ndi pomwe ine episodiyi imandigwira mtima azakhali. Kachipangizo katangolira, apolisi akungotola aliyense wagwa pansi, kumubaya mankhwala, kumukokera kuchipinda chapansi, kuthira mafuta nkuyatsa moto. Palibe kufunsa, palibe mlandu. Ndipo pakati pa otoledwawo pali meya wa tauniyo, Lockwood, amene si vampaya nkomwe, anagwa chifukwa mtundu wawo uli ndi magazi a anthu osanduka mimbulu, iye mwini anali nawo pa upo wosaka mavampayawo koma anafera momwemo. Ine nditaona pamenepo ndinakumbukira za kwathu zija, anthu akagwidwa ndi mantha amangoti wamugwira wamugwira, wosalakwa naye amapita nawo.

Chomwe chamuliza mwanayo ndi Anna, ndikutsimikiza. Anna ndi vampaya koma kamtsikana kabwino mtima, mayi ake anali atangophedwa kumene, ndipo amakondana ndi Jeremy mchimwene wake wa Elena. John uja akumupeza ali gone pansi opanda mphamvu, mtsikana akumuchonderera, iye nkumubaya ndi chimtengo pamtima Damon akuona. Zimawawa zedi, ngakhale munthu wamkulu misozi imalengeza.

Tsopano mvetserani apa chifukwa ndi pomwe ndikufuna mukhale tcheru. Jeremy atamva kuti Anna wafa, poti anataya kale makolo komanso chibwenzi chake choyamba, akumwa magazi omwe Anna anamusiyira m'kabotolo kenako nkumwa mapilisi ambirimbiri, cholinga afe adzuke ali vampaya asamamvenso ululu mumtima. Kwa ine malo amenewa ndi oopsa kuposa mano ndi magazi onse aja, chifukwa mano mwana amadziwa kuti ndi zasewero, koma mnyamata wachisoni ali yekha kuchipinda ndi botolo la mapilisi ndi zinthu zochitika m'makomo mwathu. Sindinakondwe kuti anazionetsa mwakachetechete chonchija ngati ndi njira yothawira mavuto. Mu sizoni yachiwiri amapezeka kuti sanafe, koma mwana akaonera yekha pakati pa usiku amagona nazo m'mutu.

Kumapeto kwake ndiye anakonza mwaluso kwabasi. Damon, amene wangopulumutsidwa pamoto paja ndi Stefan ndi Bonnie, akupsompsonana ndi Elena pakhonde, mayi ake aang'ono a Elena akutsegula chitseko nkumuuza kuti alowe m'nyumba. Mtsikana akulowa kukhitchini komwe kuli John, akutenga mpeni nkumudula zala zomwe zinali ndi mphete yomuteteza ku imfa, kenako nkumubaya pamimba. Ndi pomwe umazindikira kuti si Elena, ndi Katherine, vampaya wakalekale wofanana naye nkhope ndendende, ndipo poti vampaya salowa m'nyumba osaitanidwa, aja amuitana okha osadziwa. Onse awiriwo amasewera ndi munthu mmodzi, Nina Dobrev, koma akangotembenuza maso kukhitchini kuja umaona kuti uyu ndi wina. Elena weniweni akungofika pakhomo, sewero nkuthera pompo.

Ndiye foni musamulande azakhali, mukalanda akaonera kwa anzake inu osadziwa. Ku America komweko anati ndi ya azaka 14 kupita mtsogolo, iye wakwanitsa, koma muli zachikondi ndi kumwa mowa kwambiri ndiye asamaonere usiku atadzitsekera. Mawa mukamaphika mungomufunsa kuti Jeremy uja akanachita chani m'malo mwa mapilisi, akanauza ndani, mumve mmene ayankhire, musamukalipire. Akayankha zokukayikitsani mundiimbire nthawi yomweyo. Ine Loweruka ndibwera ndi laputopu, episodi yoyamba ya sizoni yachiwiri tidzaonere limodzi pabalaza, inunso mudzakhalepo.