Galu wanga amauwa njinga iliyonse, ndatopa naye

Funso: Akonzi, ndili ndi galu wa chaka chimodzi ndi theka. Nyumba yathu ili m'mphepete mwa njira yopita kumsika, ndiye akangoona wakabaza kapena mlendo amauwa ndi kudumpha mpaka tcheni kufuna kuduka. Ndamukwapulapo kangapo ndi kanthambi ka nimu koma zikungoipiraipira. Nditani? Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa.

Yankho: Mayi, katayeni kanthambiko. Galu wouwa chonchi kawirikawiri amakhala ndi mantha. Mukamukwapula njinga ikudutsa, iye amaona ngati njingayo ndiyo yabweretsa ululu, ndiye mawa adzayamba kuuwa ikadali kutali. Chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti galu womenyedwa chifukwa choonetsa mano amasiya kuchenjeza, tsiku lina n'kudzangoluma mwana mwadzidzidzi.

Pezani usipa wouma wopanda mchere wambiri, muuduledule tizidutswa 30 tofanana ndi njere ya chimanga. Kuseri kwa nyumba, galu asanadye, nenani kuti "Eya!" n'kumupatsa kachidutswa kamodzi pompopompo. Bwerezani mpaka titathe. Pakatha masiku awiri kapena atatu, akamva liwulo azitembenuka msanga kukuyang'anani.

Tsopano mumange chingwe chachitali, muime naye pomwe akuiona njinga koma akulandirabe chakudya. Kwa agalu ena ndi mapazi 20 kuchokera kunjira, kwa ena 50. Pemphani mwana wapakhomo azidutsa pa njinga pang'onopang'ono. Galu akangoiyang'ana, asanatsegule kukamwa, nenani "Eya!" ndipo usipa ufike pakamwa pake pasanathe masekondi awiri. Njinga ikabisika, usipa nawonso uleke. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amachedwa, n'kumupatsa atauwa kale, ndiye amalipira kuuwako. Ena amathamangira kufupi ndi njira tsiku lachiwiri lomwe. Mukaona makutu ali njo, thupi lauma gwa, usipa akuukana, dziwani kuti mwayandikira kwambiri. Musamukalipire, ingobwererani naye m'mbuyo. Akatha masiku atatu osauwa, senderani mapazi awiri okha.

Mphindi 5 n'zokwanira, m'mamawa ndi madzulo dzuwa litapepa. Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, mchenga umawotcha mapazi, ndipo galu amene ali wefuwefu saphunzira kanthu.

Tcheni nacho chili ndi mlandu. Galu wotandala pa tcheni moyang'ana njira amachita kudziphunzitsa kuuwa tsiku lonse. Musamutsireni pamthunzi kuseri, madzi asamasowe m'mbale, ndipo mbandakucha muziyenda naye theka la ola, mukumulola kununkhiza momwe akufunira. Onse apakhomo mugwirizane, chifukwa mmodzi akamamenyabe ntchito yonse ibwerera m'mbuyo. Musaope kuti asiya kulondera khola la mbuzi. Usiku akamva mtswatswa adzauwabe.

Koma ngati ukaliwu wangoyamba mwadzidzidzi, galu akutuluka dovu, akuluma chilichonse kapena akulephera kumeza, musayese zonsezi. Mutsekereni, musamugwire, itanani alangizi a ziweto, chifukwa chikhoza kukhala chiwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati galu wanuyo sanabayitse katemera wa chiwewe chaka chino, yambani ndi zimenezo.