Kodi Debonairs ndi ya ku America?

Mwafunsa ngati Debonairs Pizza inachokera ku America. Ayi, ndi ya ku Joni. Inayamba mu 1991 ku Pietermaritzburg, ndipo woyiyambitsa wodziwika ndi Craig McKenzie. Mu 1999 inagulidwa ndi eni ake a malo odyera a Steers, kampani yomwe pano ikutchedwa Famous Brands.

Inatchuka chifukwa chokapereka pizza pakhomo kwaulere, anyamata ake atatchena suti yakuda ndi kataye kagulugufe. Kampani ina ya pizza, Domino's ya ku America, inalowa ku South Africa mu 2014, koma pofika 2020 inali itatseka. Debonairs ikadalipo, mpaka kuno kwathu.

Ena amati nthambi za Debonairs zimasiyana kakomedwe ka pizza, ndipo n'zoona. Nthambi zambiri zili ndi eni ake amene amalipira kuti agwiritse ntchito dzinalo, choncho kutentha kwa uvuni, muyezo wa tchizi ndi changu cha antchito zimadalira woyang'anira pamalopo.

Pizza yawo yotchedwa Triple-Decker ndiyo imafuna chisamaliro. Ili ndi zigawo zitatu zosanjikiza, ndiye ikakhalitsa m'katoni nthunzi imafewetsa chigawo chapakati. Ngati mumakhala kutali, kadyereni komweko, kapena itanitsani yopyapyala.