"Ndachira, mapiritsi ndimweranji?"

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wazaka 24 anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, wakhala akumwa mankhwala otchedwa olanzapine kwa miyezi 10, ndipo mawu amene ankamva m'mutu aja anasiya. Koma wanenepa kwambiri, amagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo tsopano akuti wachira, mapiritsi sakuwafunanso. "Kodi ndimulole asiye?" Funso lawo linali lomwelo.

Mayi, imelo yanu ndakhala nayo masiku atatu osayankha, chifukwa mwana wanuyo ndikumuona ngati ine ndemwe.

Anga ndi matenda a bipolar, amene munthu nthawi zina amatakasuka mopyola muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri. Nditagonekedwa m'chipatala koyamba anandipatsa haloperidol, ndipo mutu unakhazikikadi. Koma patapita masabata awiri miyendo inayamba kundivuta. Kukhala pampando ngakhale mphindi ziwiri sikunkatheka. Usiku ndinkangoyenda m'chipinda, kuchoka pachitseko kufika pawindo, kubwereranso, mpaka zidendene kuwawa. Abale ankanong'onezana kuti matenda ayambiranso. Inenso sindinkadziwa kuti vutoli lili ndi dzina, akathisia, kuti limabwera ndi mankhwalawo, komanso kuti dokotala akanatha kulichepetsa ndikanamuuza. Sindinauze abale anga. Ndinkaika piritsi pansi pa lilime, mchemwali wanga akatembenuka ndinkalilavulira m'kabotolo kamene ndinabisa m'thumba la jekete yakale.

Miyezi iwiri yoyamba ndinamva bwino koopsa, ndipo pamenepa ndi pamene pali msampha. Ukasiya mankhwalawa matenda sabwera mawa lake. Umakhala masabata kapena miyezi uli bwinobwino, n'kumadziuza kuti unkangovutika chabe. Kwa ine tulo ndi timene tinayamba kuchepa, maola asanu, kenako atatu, kenako osagona n'komwe koma osatopa. Ndinalemba kalata yosiya ntchito usiku umodzi, ndinamwaza ndalama zimene ndinasunga zaka zambiri. Ndili m'chipatala kachiwiri, mchemwali wanga anapeza kabotolo kaja akuchapa. Anabwera nako, n'kukhuthulira mapiritsi aja pabedi, ena atasungunuka theka. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Achimwene, bwanji simunanene kuti akukupwetekani?"

Sindinanene chifukwa ndinali nditayesapo kamodzi, ndipo wachipatala wina anandiyankha kuti, "Ingomwani, muzolowera." Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero. Munthu akadandaula kuti wanenepa, manja akunjenjemera, kapena chilakolako cha m'banja chatha, iwe n'kumuyankha kuti azingomwa, wamutuma kuti akasiye mobisa. Achibalefe timachitanso zomwezi. Timasangalala kuti wasiya kulankhula yekha, n'kuiwala kuti malaya ake onse sakumukwananso ndipo akuchita manyazi kukumana ndi anzake. Kunenepa kwa olanzapine si ulesi. Mankhwalawa amautsa njala yosatha ndipo amatha kukweza shuga ndi mafuta m'magazi. Mwana wanu sakunama.

Komabe sindingavomere zoti mankhwalawa ndi poizoni, monga ena amalembera pa intaneti. Mankhwala otchedwa chlorpromazine anayamba kuperekedwa kwa odwala maganizo ku Paris mu 1952. Izi zisanachitike, anthu ambiri ngati ine ankatha moyo wawo wonse atatsekeredwa. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958, olanzapine anabwera mu 1996. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, kemikolo wonyamula mauthenga muubongo. Vuto lake n'lakuti dopamine yemweyo amathandizanso kayendedwe ka thupi, n'chifukwa chake ena amauma khosi, kunjenjemera kapena kuyenda mokoka miyendo. Ndipo mankhwalawa sazula matenda, amangowagwira kuti asadzuke. Mawu aja asiya chifukwa mwana wanu akumwa.

Ndinene za fodya ndisanaiwale, poti ambiri sauzidwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa olanzapine ndi mnzake wotchedwa clozapine m'thupi mofulumira. Munthu akasiya kusuta mwadzidzidzi, mankhwala amachuluka m'magazi ngakhale akumwa mlingo womwewo, ndiye tulo ndi chizungulire zimakula. Ngati mwana wanu amasuta, kapena wangosiya kumene, dokotala adziwe. Chamba ndiye ayi ndithu, chimadzutsa matendawa. Mowa umawonjezera tulo tomwe akudandaula nato kale.

Zoti muchite

Asasiye yekha, ndipo asasiye kamodzin'kamodzi. Munthu akadwala koyamba, madokotala amalangiza kupitiriza kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ngati n'kuchepetsa amachepetsa pang'onopang'ono akumuyang'anira. Pitani naye musanafike tsiku limene anakupatsani, mukapemphe kuti amuyeze sikelo, shuga, mafuta a m'magazi ndi BP. Mukafunse ngati mlingo ungatsike kapena ngati angasinthidwe, poti ena monga aripiprazole sanenepetsa kwambiri. Ngati kumwa tsiku ndi tsiku kwamutopetsa, alipo a jakisoni wobaya pakatha masabata awiri kapena anayi. Mukaona milomo, lilime kapena nsagwada zikuyenda zokha, nenani msanga. Thupi likatentha kwambiri, minofu n'kuuma, thukuta lili kamukamu ndipo munthu wasokonezeka, musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala.

Koma mukalowa m'chipinda cha dokotala, Mayi, mulekeni alankhule yekha. Ine ndinkakhala chete mchemwali wanga akufotokoza za ine ngati palibe, ndipo ankafotokoza zimene ankaona, pomwe za miyendo yanga sankazidziwa. Ulendo wachitatu ndinalemba madandaulo anga papepala usiku, ndipo nditalowa ndinangolipereka chifukwa pakamwa panali pataumiratu. Dokotala wa tsikulo analiwerenga lonse, n'kundisinthira ku quetiapine. Nayenso ali ndi zake, amandigonetsa ndipo ndimayang'anira sikelo mwezi uliwonse, koma ndimatha kukhala pansi n'kuwerenga buku.

Madzulo ano mupatseni pepala ndi cholembera. Musamufunse ngati wamwa. Mufunseni kuti mapiritsiwo akumuchita chiyani, ndipo zimene alembezo mukapite nazo.